Chitini Chimodzi pa Tebulo

A Halvor Rustad anali munthu wa malamulo. Sanali wapolisi kapena mbusa ayi. Moyo wawo wonse ankagwira ntchito yoyeza tirigu wa alimi pa nkhokwe yaikulu ya m'mbali mwa njanji. Koma aliyense amene analowapo m'shedi yawo ya kuseri kwa nyumba ankatulukamo atamva ulaliki. Malamulowo anali awiri okha, kungoti ankawabwereza kwambiri moti ankamveka ngati khumi. Loyamba linkati pa tebulo pazikhala chitini chimodzi chokha cha wonga. Lachiwiri linkati usadzayerekeze kuwombera chipolopolo chimene wadzaza wonga ndi munthu wina.

Zonsezi zinayamba chifukwa cha mfuti imodzi, Krag yaifupi ya asilikali oyenda pa akavalo, imene inali itakalamba kale pamene bambo awo ankaigula. Boma litasiya kuzifuna mfuti zimenezi linazigulitsa motchipa, ndipo alimi osauka a kwathu kuno ku North Dakota anazisandutsa zophera agwape. Bambo a a Halvor ankainyadira yawoyo chifukwa nzeru zoipangira zinachokera ku Norway, kwawo kwa makolo. Ankalankhula ngati anaisula ndi amalume awo enieni.

Mfutiyo itafika m'manja mwa a Halvor, zipolopolo zake zinali zitayamba kusowa. Mwini sitolo ya m'tauni ankangoseka akamufunsa. Anzawo anawauza kuti aipachike pakhoma agule yatsopano, koma iwo anaona ngati akuwauza kuti apachike bambo awo. M'malo mwake anagula chopanira, sikelo yaing'ono ndi zitini za wonga, n'kuyamba kudzaza okha. Chigoba chamkuwa chowombera kale ankachitola, kuchitsuka, kuchiwongola pa chopanira, n'kuikamo kachitsulo koyatsira moto kumatako kwake. Kenako ankayeza wonga pa sikelo, kuthira, kuunikamo ndi tochi, n'kukhazika mutu wa chipolopolo pamwamba. Ntchito imene ena ankaichita madzulo amodzi iwo ankaichita sabata yathunthu, ndipo sankabisa kuti amawaona ena onsewo ngati anthu osasamala.

Kusamalako sikunali kwachabe. Chitseko cha Krag, chitsulo chimene chimatsekera chipolopolo kumbuyo, chimagwidwa ndi dzino limodzi lokha lachitsulo. Wonga ukachuluka mphamvu, dzinolo limathyoka, ndipo chitsekocho chimabwerera mmbuyo, kumene kuli diso la munthu wowombera. A Halvor ankakonda kunena kuti nkhalamba sumaisenzetsa thumba la mnyamata. N'chifukwa chake m'kabati yawo wonga woyaka pang'onopang'ono, wa mfuti zazitali, unkakhala kumanzere, ndipo wonga waukali wa mfuti ya m'manja, imene ankaphera akanyimbi ku khola la nkhuku, unkakhala kumanja. Zitini ziwirizi zinali zofanana msinkhu, kusiyana kwake kunali mtundu wa pepala ndi zilembo zake basi.

Mwana anali naye mmodzi, wamkazi, Renae. Anakulira m'shedi momwemo, ndipo asanadziwe kuluka tsitsi lake anali atadziwa kale kuunika m'chigoba ndi tochi. Atakula anakhala dalaivala wa basi ya ana a sukulu, anamanga nyumba yake kutsidya kwa tauni, ndipo a Halvor mawondo atayamba kuwavuta kukwera zitunda, anamupatsa Krag ija. Chopanira chokha sanamupatse. Chaka chilichonse, tsiku loti mawa nyengo yosaka agwape itsegulidwa, Renae ankabwera kudzadya kwa makolo ake, ndipo bambo ake ankamuikira kabokosi ka zipolopolo pafupi ndi mbale yake. A Halvor mawu achikondi ankawauma pakamwa, ndiye kabokosiko n'kamene kankawalankhulira.

Mnansi wawo, a Duane Sletten, mlimi wa ng'ombe amene m'munda mwawo Renae ankasakamo, anawafunsapo tsiku lina akumwa khofi ku tchalitchi.

"Koma madala, si inu mumatiletsa zodzaza munthu wina? Nanga mwana wanuyu amawombera za ndani?"

"Ine si munthu wina," anatero a Halvor. "Ndine bambo wake."

Ukalamba unawalowera m'maso. Ng'ala inayamba ndi diso lakumanja, kenako n'kuwolokera kwinako. Dokotala anawauza kuti kuchotsa kwake n'kosavuta, koma iwo anakana, amvekere munthu wogwira mpeni asayandikire maso awo. Galimoto anasiya kuyendetsa atagunda bokosi la makalata la pageti pawo pomwe, ngakhale mpaka lero amati mtengo wake unali utapendekera kale kumsewu. M'shedi mokha sanasiye. Anangowonjezera nyale ina n'kumauza akazi awo, a Bernice, kuti ntchito imeneyi imaonedwa ndi zala.

Chaka chimenecho zonse zinayenda monga mwa masiku onse. Lachinayi madzulo Renae anabwera, anadya nyama yowotcha ndi mbatata, anatenga kabokosi kake, n'kupsompsona bambo ake pamphumi. Kwathu kuno kusaka kumayamba Lachisanu, dzuwa likafika paliwombo, 12 koloko masana, ndipo tsiku limenelo ngakhale sukulu imatsekedwa chifukwa aphunzitsi amadziwa kuti aphunzitsa mipando. Lachisanulo mmawa a Halvor anachedwa pa khofi, anamvetsera za nyengo pa wailesi, kenako anapita ku shedi kukakonza pa tebulo.

M'kambale kamene ankatungamo wonga munali wotsala pang'ono. Chizolowezi chawo chinali choti wotsala ubwerere m'chitini chake. Akuthira, wina unatayikira pa tebulo, ndipo anausesera m'dzanja ndi chala. Apo m'pamene anaima. Wonga wa Krag umakhala ngati timitengo tothyokathyoka, umamveka kubaya pakhungu. Uwu unali wosalala ngati mchenga wosefa.

Ananyamula chitinicho n'kupita nacho pazenera. Anachiyandikiza kumaso, anachitalikitsa, anatenga galasi lokulitsa zilembo. Pa tebulo panalidi chitini chimodzi chokha, lamulo silinaphwanyidwe. Kungoti chinali cha kumanja. Sabata yonse anayeza wonga wa mfuti ya m'manja mosamala kwambiri, pa mlingo wa mfuti yaitali, n'kuunika chigoba chilichonse ndi tochi, n'kuona kuti zonse zadzaza mofanana. Chilichonse mwa zipolopolo za m'kabokosi kaja chinali chokwanira kuthyola dzino la Krag.

Kunena zoona, tsoka silinunkha, koma limeneli analiyeza okha pa sikelo n'kulikulunga bwinobwino. Analowa m'nyumba chitini chili m'manja, nsapato zamatope osavula, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Halvor, pansi panga," anatero a Bernice ali pa chitofu.

"Imbirani Renae."

"Mwatani kodi? Nkhope yanu yayera ngati ufa."

"Ndamupatsa imfa mwana uja, Bernice. Ndasokoneza wonga. Akangowombera kamodzi mfuti imuphulikira kumaso."

A Bernice sanafunse kawiri. Anaimba foni ya Renae, koma sinalowe. Ku chigwa cha a Duane kumene ankasakako foni sigwira, aliyense amadziwa. Anaimba kunyumba kwa a Duane, foni inalira mpaka kutopa, chifukwa tsiku limenelo palibe mwamuna kapena mkazi wa mfuti amene amakhala pakhomo. Anayang'ana wotchi ya pakhoma, anazimitsa chitofu, n'kutenga makiyi a pikapu epuloni ili m'chiuno.

A Bernice anali mayi amene mathirakitala ankawapitirira pamsewu. Kwa zaka zonse a Halvor ankadandaula kuti kukwera galimoto ya akazi awo kuli ngati kuperekeza maliro. Tsiku limenelo miyala inkauluka kumbuyo kwa pikapu, ndipo a Halvor anagwira chitseko ndi manja awiri. Chipale chofewa chinali chitagwa pang'ono usiku, minda yonse ili mbee, ndipo kwa iwo zonse zinkangooneka ngati nsalu yoyera yokhala ndi mizere yakuda apa ndi apo.

"Ndinaunika chilichonse," ankangonena okha. "Ndinaunika ndi tochi."

"Khalani chete, mundisokoneza."

"Ndikanangogwira ndi chala. Kamodzi kokha."

"Halvor, mukalira tikafika. Panopa muziyang'ana ng'ombe pamsewu."

"Sindikuona ng'ombe, Bernice. Sindikuona kanthu."

Aka kanali koyamba kuvomera ndi pakamwa pawo. A Bernice anangowayang'ana pang'ono, n'kupondanso mafuta.

Kuti munthu afike ku chigwacho amadutsa mageti a waya waminga a m'munda wa a Duane. Mwana aliyense kuno amakula akudziwa kuti geti umalisiya mmene walipezera, ndipo munthu wosiya geti la mnzake lotsegula amakambidwa mpaka pa maliro ake. Pa geti loyamba a Halvor anatsika, anatsegula, pikapu inadutsa, ndipo manja awo anayamba okha kukokera mtengo kuti atseke.

"Lisiyeni," anatero a Bernice.

"Ng'ombe za Duane..."

"Duane ali ndi ng'ombe zambiri. Ife mwana ndi mmodzi."

Analiponya pansi getilo n'kukwera. Lachiwiri analiponyanso chimodzimodzi. Ali pa lomaliza, akulimbana ndi waya umene unauma ndi chisanu, nthawi yoyamba kusaka inakwana. Mfuti zinayamba kulira kutali, kumpoto ndi kum'mawa, monga zimachitira chaka chilichonse. Kenako inalira ina pafupi, kumunsi m'chigwa. A Halvor maso anali atawathera, koma makutu anali akadali awo, ndipo kulira kwa Krag anakumva kuyambira ali mwana. Inalira kamodzi, n'kuti zii.

Pikapu ya Renae anaipeza itaima pamwamba pa chitunda, pamene njira imathera. Kuchokera apo n'kuyenda pansi. A Halvor anatsetsereka m'chitundamo ngati mawondo ndi a munthu wina, akugwa n'kudzuka, akuitana dzina la mwana wawo ndi mawu amene mphepo inkangowabweza. A Bernice ankabwera pambuyo atavala nsapato za m'nyumba. Kumunsi, pafupi ndi timitengo ta m'mbali mwa khwawa, a Halvor anaona kanthu kofiirira. Chinali chovala chowala chimene osaka amavala. Sichinali choimirira. Chinali pansi, chitawerama, ndipo pa chipale pozungulira panali poderapo.

Anapemphera pemphero lalifupi kwambiri pa moyo wawo, la mawu awiri, ndipo anapitiriza kutsika.

Chovala chija chinadzuka.

"Adadi? Mukutani kuno?" Renae anaimirira mpeni uli m'manja, manja ali magazi okhaokha mpaka m'zigongono. Pamapazi pake panali gwape wamphongo, wa nyanga zabwino, atang'ambidwa kale pamimba. "Amayi, mwabwera ndi epuloni? Kwagwanji?"

A Halvor anamugwira nkhope ndi manja awiri, anamupapasa m'maso, m'masaya, pamphumi. Anamulanda mpeni n'kuuponya pansi, n'kuyamba kumugwira zala chimodzichimodzi. Zonse zinalipo. Magazi onsewo anali a gwape. Kenako anafufuza mfuti imene inatsamira pamtengo, anatsegula chitseko chake, ndipo chinatseguka mofewa monga mwa nthawi zonse, dzino lili lonse. Anakhala pansi pa chipale, n'kulira ngati mwana, osabisa n'komwe. A Bernice anafika ali wefuwefu, anamukumbatira Renae ndi magazi ake omwewo, ndipo ndi iwo amene anafotokoza za chitini chija.

Renae anamvetsera mpaka pamapeto. Kenako anayang'ana kumbali, anapukuta manja pa chipale, n'kukhala pansi pafupi ndi bambo ake.

"Sindikumvetsa," anatero a Halvor akupukuta mphuno. "Imayenera kuphulika. Mwina chimodzi chokhacho ndinathira wina..."

"Adadi, kabokosi kanu kali kunyumba. Kali pamwamba pa firiji, sindinakatsegule."

"Nanga wawombera chiyani?"

Renae anapisa m'thumba n'kutulutsa chipolopolo, n'kuwaika m'dzanja.

"Zanga. Ndinagula chopanira changa. Aka ndi kachitatu kusaka ndi zodzaza ndekha."

Mphepo inkawomba m'khwawamo. A Bernice anayang'ana mwana wawo, n'kuyang'ana amuna awo.

"Chaka chija munagunda bokosi la makalata," anapitiriza Renae, "ndinapeza chimodzi m'kabokosi kanu kachitsulo koyatsira kali chagada. Inu simunapangepo zimenezo. Ndinakhala pansi n'kuganiza, ndipo ndinakumbukira lamulo lachiwiri."

"Lija silinkanena ine."

"Ndikudziwa, adadi. N'chifukwa chake sindinakuuzeni."

"Ndiye mabokosi anga umangotaya?"

"Kutaya mkuwa wabwino chonchija? Ndimazimasula nthawi yachisanu, wonga n'kuthira m'dimba, zigoba n'kudzazanso. Chimene mwagwiracho chigoba chake ndi chanu. Palibe amene amatsuka mkuwa ngati inu m'boma lonse lino."

Zinawapweteka, tisaname. Munthu amene wakhala akulalikira tauni yonse, kumva kuti mwana wake yemwe anasiya kalekale kumudalira, si nkhani yomeza ndi madzi. Nkhope yawo inali gwa. Koma dzanja lina linali likadagwira dzanja la Renae, lofunda, la zala zonse, ndipo mkwiyo unkati ukabwera unkapeza malo ake atatenga kale chimwemwe. Anayamba kuchipapasa chipolopolo chija ndi chala chachikulu, kumatako, m'mbali, pakhosi pamene mutu umalowera. Anachigwedeza pafupi ndi khutu.

"Umaunika ndi tochi?"

"Chilichonse."

"Pa tebulo pamakhala zitini zingati?"

"Chimodzi. Ndipo ndimawerenga pepala lake mokweza ndisanatsegule, galu wanga ndi mboni."

"Mutu wakhala bwino," anatero a Halvor, ndipo kwa iwo kumeneko kunali kuyamikira kwakukulu. "Anakuphunzitsa ndani?"

"Nkhalamba ina yovuta. Simungaidziwe."

A Bernice anaseka mpaka kukhala pa mwala, misozi ili mbwembwembwe, kenako anakumbukira kuti mapazi awo anyowa ndipo anayamba kuwakalipira onse awiri. Gwape anamukoka atatu mpaka pa pikapu, a Halvor akulamula zambiri kuposa kukoka. Pobwerera anapeza ng'ombe za a Duane zitatuluka, zikudya udzu m'mbali mwa msewu, ndipo masana onse anathera pozibweza. A Duane atafika n'kumva kuti wasiya mageti awo otsegula ndi Halvor Rustad, poyamba anakana kukhulupirira. Atamva chifukwa chake anavula chipewa, anakanda m'mutu, n'kunena kuti akanakhala iwo akanangodutsa ndi galimoto pa waya pomwepo.

Tsiku lotsatira Renae anabweretsa kabokosi kaja, ndipo anakhala limodzi m'shedi n'kumasula zipolopolo zonse. Wonga wake a Halvor anakauwaza okha m'dimba la a Bernice, chifukwa wonga ndi manyowa abwino. Atabwerako anauza akazi awo, akuyang'ana kwina, kuti ngati dokotala wa mpeni uja akadali ndi moyo angathe kumuimbira.

Diso loyamba dokotala analikonza Khirisimasi isanafike, linalo chipale chikusungunuka. A Halvor anadabwa kupeza kuti khitchini yawo ndi yachikasu ndiponso kuti akazi awo ali ndi makwinya, ndipo zachiwirizo analakwitsa n'kuzinena. Ku shedi anabwerera, koma ku mkuwa kokha. Amatsuka, amawongola, amapukuta mpaka chigoba chiwale. Zitini za wonga anazinyamula okha n'kukazisiya kwa Renae, ndipo palibe anawauza kuti atero.

Novembala wotsatira, Lachinayi madzulo, Renae anabwera kudzadya monga mwa mwambo. A Duane analiponso, akuti anabwera kudzabweza chingwe, koma nthawi yake anaisankha bwino. A Halvor anali atatenga chilolezo chosaka koyamba pa zaka zingapo, ndipo anagwirizana kuti mawa akakhala pamwamba pa chitunda ndi Krag, Renae akawakusira agwape kuchokera m'khwawa. Atakhala pa tebulo anapeza kabokosi pafupi ndi mbale yawo. Renae anali kalikiliki kudula buledi, ngati sakudziwapo kanthu.

A Halvor anakatsegula, anatulutsa chimodzi, anachiyang'ana pa nyale ndi maso awo atsopano, n'kuchibwezera. Kabokosiko anakaika m'thumba la malaya.

"Ee, madala," anatero a Duane pakamwa pali nyama. "Lamulo lachiwiri lapita kuti? Zodzaza munthu wina zimenezo."

A Halvor anatenga foloko yawo n'kukokera mbale ya mbatata kufupi.

"Uyu si munthu wina," anatero.